Ndinasiya Ampu, N'kutenga Chibokosi cha Timagetsi

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi a Nasimango, anzanga a m'gulu la amayi kumpingo kwathu. Anandipeza ndikugulitsa tomato pamsika wa Lirangwe. Anakhala pa chidebe changa n'kuyamba kusankha tomato amene sankafuna n'komwe kugula. Kenako anati, "Amake Fatsani, musandide. Gitala imene ikumalira Loweruka ku bala kwa a Makwinja ija, woimba wake ndi mwana wanu."

Nditafika kunyumba Fatsani sanakane. Mwana ameneyu bodza limamukanika chibadwire. Anati, "Amayi, mowa sindimwa, funsani aliyense. Koma gitala yamagetsi silira yokha, imafuna ampu, bokosi la sipika lokuza mawu. Kuno ampu ali nayo ndi a Makwinja okha. Ndikawaimbira Loweruka amandilola kuphunzirira pa ampu yawoyo masiku enawa."

Gitalayo inali ya malemu bambo ake. Ankaiimba tikukhala ku Chileka, iwo akugwira ntchito ya ulonda kufupi ndi bwalo la ndege. Ampu yawo tinagulitsa pa matenda. Atatisiya ndinabwerera kumudzi ndi ana awiri, Fatsani ndi mlongo wake Esinati, ndi gitala yosalankhulayo.

Msuweni wanga Lavunesi anali atakhala akundiitana ku Joni kuti kuli ntchito ya m'nyumba, ine n'kumakana. Sabata imeneyo ndinavomera. Ndinagwada n'kuuza Mulungu kuti, Atate, ndikupita kukatenga ampu, mwana wanga achoke pakhomo la mowa. Zaka zonse zija ndinkaona ndege zikudutsa padenga pathu ku Chileka, koma ulendo wanga unali wa basi, miyendo itatupa, thumba lili pamiyendo.

Lero anthu akandifunsa za ku Joni ndimangoti kunali bwino. Kunena zoona, kunali kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinkagona kachipinda kuseri kwa galaja. Lamulungu masana ndinkakhala pabedi n'kumaimba ndekha nyimbo za kwathu chapansipansi, kuopa kusokoneza agalu a madamu amene ndinkawagwirira ntchito. Ndalama zinkabwera, inde, koma zinkadutsa m'manja ngati madzi. Kumudzi denga likudontha, kwinaku Esinati akufuna za kusukulu. Miyezi ina ndinkatumiza mochedwa, ina osatumiza n'komwe, makamaka pamene ndinadwala chifuwa. Ndikaimba foni ana ankangoti, "Tili bwino amayi, musadandaule." Ndipo ine ndinkakhulupirira, chifukwa kukhulupirira kunali kopepuka. Za ampu zija zinkangosunthira mwezi wamawa.

Komabe ndiyenera kuthokoza. Ambuye anandiika m'nyumba ya anthu abwino, ndipo bwana wake anali munthu wa magitala. Anali ndi chipinda chawochawo chimene ndinkapukuta fumbi mosamala ngati ndikusambitsa khanda. M'menemo munali zinthu ziwiri zimene ndinkaziyang'ana kwambiri. China chinali ampu yakale, nsalu yakutsogolo itang'ambika pakona, chogwirira chake atachimanga ndi tepi. China chinali chibokosi chakuda chofika m'chiuno, cha matayala, chokhala ndi timashelefu. Pa shelefu iliyonse panali makina a mabatani ambirimbiri, ndipo akayatsa, timagetsi tofiira ndi tobiriwira tinkathamangitsana. Iwo ankachitcha raki.

Bwanayo anavutika maganizo kwa nthawi yaitali. Ankafuna mawu ena atsopano pa gitala yawo, koma sankadziwa ngati awonjezere makina ena m'chibokosimo kapena angosintha ampu. Chizungu changa n'chopereŵera, komabe nkhani imeneyi ndinaimva chifukwa inkabwera pa tiyi, pa chakudya, ngakhale pa foni ndi anzawo. Ankaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno, kuyang'ana ichi, kuyang'ana icho. Madamu anangodula kuti chilichonse chikalowa m'nyumba muno, china chituluke.

Maondo anga atayamba kukana masitepe, ndinawauza kuti ndikubwerera kwathu. Nthawi imeneyo bwana anali atasankha. Anagula ampu yatsopano imene akuti zonse zinali m'kati mwake. Ankadziwa za Fatsani, poti ndinawaonetsapo kavidiyo kake pa foni. Anandiitana n'kundiuza kuti nditenge chimodzi, ampu yakale kapena chibokosi, chinacho agulitsa. Ndinalira pomwepo. Ndinati pemphero langa lija layankhidwa.

Ndinajambula zonse ziwiri n'kutumizira Fatsani. Anayankha ndi mawu, osati kulemba, ndipo mpaka lero uthengawo uli m'foni mwanga.

"Masteni, tengani ampu. Ndikubwerezanso, ampu. Chinacho n'chapamwamba zedi, koma ntchito yake n'kukometsera mawu basi. Pakamwa chilibe."

Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti netiweki inadula.

Lamulungu lake Lavunesi anabwera kudzandithandiza kulongedza. Ataona ampu ija anaseka mpaka kugwira khoma. "Achemwali, ichi? Chong'ambika ichi? Mukatsike nacho pa Lirangwe anthu akuona? Adzati nthawi yonseyi munali ku Joni mumatola m'mabini."

Sindingamukankhire mlandu Lavunesi, chifukwa mawu akewo anapeza malo okonzeka kale mumtima mwanga. Kwathu kuno munthu wochokera ku Joni amamuŵerenga ndi zimene zatsika m'basi. Ine ndinalibe firiji, ndinalibe malata. Ndinayamba kudziuza kuti chinthu chachikulu chonchi, cholemera chonchi, sichingalephere zimene kabokosi kakale kamachita. Ndinati mwanayu akungondimvera chisoni kuti katundu asandilemere panjira.

Nditaloza chibokosi, bwana anakweza nsidze. Anandifunsa pang'onopang'ono ngati mwana wanga ali nayo kale ampu. Ine ndinati, "Inde bwana." Ndi mawu amene pakamwa panga panazolowera ku Joni. Chilichonse, inde bwana.

Fatsani sindinamuuze, ndinkafuna adzadabwe. Koma ndinaimbira a Nasimango kuti akauze a Makwinja kuti kuyambira lero mwana wanga safunanso zinthu zawo, asunge.

Basi yochokera ku Mwanza inadutsa Zalewa n'kunditsitsa pa Lirangwe Loweruka m'maŵa, msika utadzaza. Chibokosi ndinali nditachikulunga ndi bulangete, koma matayala ankaoneka. Anyamata a kabaza anasiya njinga zawo kudzathandiza kutsitsa.

"Amayi, mwagula wailesi ya boma kodi?"

"Iyayi aise, ndi firiji ya oimba imeneyi!"

Anthu anatitsatira mpaka kunyumba. Ndivomere, ndinasangalala. Kuzizira konse kwa ku Joni ndinakuiwala pa kamtunda kameneko.

Fatsani anandikumbatira, kenako anasuzumira pansi pa bulangete. Nkhope yake inasintha. "Amayi, nanga ampu ikubwera pambuyo?"

"Zonse zili momwemo," ndinatero. "Ndipo usayatse. Chiyambe chapita kutchalitchi chikalandire pemphero."

Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana alendo amene anadzaza pakhonde, n'kutsekanso. Ndinamulera ndekha kuti mayi satsutsidwa pagulu. Madzulo anayesanso, "Amayi, tilankhule pang'ono," koma ine ndinali kugaŵa sopo ndi maswiti kwa achibale. Ndinati tilankhula maŵa tikaweruka.

Lamulungu tinachikankha mpaka kutsogolo kwa tchalitchi. Nthawi ya maumboni ndinaimirira nditavala zoyera zanga. Ndinathokoza Mulungu pondisunga kuchilendo, ndipo pamenepo ndikanakhala pansi. Koma ndinapitiriza. Ndinati, "Abale, nonse mukudziwa kumene mwana wanga ankaimba. Kuyambira lero sadzapondakonso." Amayi anaimba nthungululu. Mkulu wa mpingo anaika dzanja pa chibokosi n'kupemphera.

Fatsani anagwada n'kulumikiza zingwe, osandiyang'ana. Atayatsa, timagetsi tija tinathamangitsana ndipo anthu anaomba m'manja. Anakhudza gitala. Chimene chinamveka ndi kamawu ka nsambo zokha, ngati udzudzu, koti a benchi lachitatu sanamve. Anakhudzanso. Chimodzimodzi.

"Kwezani voliyumu!" anafuula agogo ena kumbuyo.

Mtsikana wotsogolera kwaya anaŵeramira kwa Fatsani, koma m'tchalitchi munali zii moti tonse tinamva. "Nanga ampu ya masiku onse ija ili kuti?"

Fatsani anayankha chapansi, "Anauzidwa kuti asunge."

Apo m'pamene ndinadziwa. Ine nditapita, achinyamata anayamba kuimba ndi gitala m'mapemphero. Ampu yake inali ya a Makwinja. Inkabwera Lamulungu lililonse m'mamaŵa pa kabaza, itafunditsidwa chitenje, n'kubwereranso chimodzimodzi. Mpingo wonse unkadziwa kumene imagona, akulu a mpingo omwe, koma panalibe amene ankatchula. Mkulu uja anangoyang'ana nsapato zake. Kenako anayambitsa nyimbo, ndipo tinaimba ndi m'manja ndi ng'oma, timagetsi tikungophethira kutsogolo. Ndinkalakalaka simenti itang'ambika ndiloŵe.

Titafika kunyumba Fatsani anangokankhira chibokosi m'nyumba. Amene anandiuza zoona anali Esinati, tikutsuka mbale kuseri. "Amayi, miyezi imene munkadwala ija, mukuganiza feteleza anachokera kuti? Nanga za mayeso anga? Achimwene anandiletsa kukuuzani. Matumba a chimanga mwawaona m'nyumbamo ndi a Loweruka amenewo."

Lolemba ndinavala chitenje changa n'kupita kwa a Makwinja dzuŵa lili pamutu, kudutsa pakati pa msika, anzanga a tomato akundiona ndikukhota kuloŵa pa bala. Chibadwire ndinali ndisanapondepo. Ndinawapeza akutsuka matambula, bambo wamkulu wa imvi, wopunduka mwendo pang'ono.

"Amake Fatsani, takulandirani. Uthenga wanu unafika."

Ndinagwada pa simenti yonunkha mowa ija. Ndinati ndabwera kudzapepesa, ndinalankhula ndisakudziwa.

"Dzukani mayi, mudetsa chitenje," anatero. "Ampu ilibe mpingo. Loweruka imachimwa kuno, Lamulungu imakalapa kwanu. Ndiye munaimanitsa kulapa dzulo." Anaseka, ine n'kulephera kuseka. Kenako anati, "Idzabwera ngati kale. Koma nanenso chibokosi chanu chija ndikufuna ndichimve. Tauni yonse ikukamba."

Ndikanakana bwanji?

Tsiku limene Fatsani analumikiza chibokosi ku ampu ya a Makwinja ndinaima panja pa bala, pansi pa mtengo. Abale, sindinamvepo zotere. Gitala imodzi inkamveka ngati zingapo, mawu akupita kutali n'kubwerera. Anyamata a kabaza anasiya makasitomala. Ndinamva dzanja la bambo ake m'nyimbo imeneyo, ndipo ndinalira, osadziwa ngati ndikulira chisangalalo kapena mantha.

Panopa Loweruka pa bala paja pamadzaza kuposa kale. Fatsani akumamuitana ku Lunzu, ku Chileka, ngakhale m'tauni, ndipo kulikonse amapita ndi chibokosi chija, n'kukabwereka ampu ya eni malo. Chinthu chimene ndinavutika nacho pa maboda kuti chimuchotse ku mowa n'chimene chamutchukitsa kumeneko. Lamulungu salephera kutchalitchi, amafika maso ali ofiira ndi tulo. Ndimamununkhiza mochenjera pomupatsa moni. Mpaka pano sindinamvepo kanthu.

Ndinapita ku Joni ndikuganiza kuti nyumba yaima pa ine. Ndabwera n'kupeza kuti inaima pa mwana amene ndinkachita naye manyazi, ndi pa bambo amene ndinkadutsa osawapatsa moni. Ndapezanso kuti kwathu kuno anthu amadziwa kufunditsirana zinthu chitenje kuti aliyense ayende mutu uli m'mwamba. Amene anafundukula pagulu ndine.

Mwezi watha kunabwera mnyamata wa situdiyo ya m'tauni. Akufuna chibokosi chija, ndipo akuti apereka ampu yabwino, yatsopano, tisinthane. Ndi ampu imeneyo Fatsani sangafunikenso kubwereka kwa munthu. Koma mawu aja, amene akumuitanitsa kutali ndi kutidyetsa pakhomo pano, apita ndi chibokosicho. Mnyamatayo atachoka, Fatsani anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Amayi, munachinyamula ndinu. Mukati tisinthe, ndisintha." Ankalankhula dzanja lake lili pamwamba pa chibokosi, akuchisisita osazindikira.

Mpaka pano sindinasankhe. Ndinasankhapo kamodzi iye atandiuza zoona, ndipo mwaona mmene zinathera. Mnyamata wa situdiyo akuti abweranso kumapeto kwa mwezi uno.

Inu amene mwaŵerenga izi, mukamagwada musatiiwale. Mutchule Fatsani, kuti kumene akuimbako botolo lisamupeze. Mutchule Esinati ndi sukulu yake. Muwatchulenso a Makwinja, mwendo ukuwavuta masiku ano. Ine mundipemphere chinthu chimodzi chokha, kuti mwanayu akadzandifunsanso, ndidzathe kumufunsa kaye chimene iye akufuna, ndipo akadzanena ndidzamve.