Pepala la Lachiwiri

Bambo a kunyumba kwanga ayendetsa basi ya ana a sukulu ya mkaka kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Poyamba ankayendetsa lole ya mchenga, ndipo amakonda kunena kuti mchenga unali bwino, sulira ukaponda buleki. Anzawo kotsukira magalimoto amawatcha Chimphona. Dzinali ndi latsopano. Tikukwatirana anali munthu wochepa thupi, wovala nsapato ya nambala 8. Lero 11 ikuwathina, ndipo mphete ya ukwati tinachita kukadulitsa kwa wowotcherera zitsulo.

Tinkati ndi mtendere wa m'banja. Apongozi mpaka anandiyamikira kuti ndimasamala mwana wawo.

Mutu utayamba kuwawawa tsiku ndi tsiku, kuchipatala anawajambula m'makina. Anapeza chotupa pa kachiwalo kakang'ono ngati nyemba, kunsi kwa ubongo. Namwino anatipatsa Lachiwiri kuti tikaonane ndi dokotala wamkulu, nati titenge zithunzi zawo zakale, mankhwala onse omwe akumwa, ndi pepala lolembapo chilichonse chachilendo m'thupi mwawo.

"Mulembe ndinu mayi," anatero. "Abambowa ndawaona kale, ndi aja amati 'ndili bwino' uku akugwa."

Lamlungu masana tinakhala patebulo, ine ndi cholembera. Mutu. Thukuta lonyowetsa pilo. Mkonono, womwe iwo amakana. Mano a m'munsi otalikirana. Zala zochita dzanzi.

"Ulembenso kuti mkazi wanga akulongolola kwambiri, mwina ali nawo mankhwala ake," anatero akuseka.

Sindinaseke. Chinalipo china. Chaka chino anayamba kutembenuza mutu wonse ngati kadzidzi akafuna kuyang'ana galasi la m'mbali. A hedi a pasukulupo anawayamikira pamaso pa makolo kuti dalaivala wosamala ndi ameneyu. Koma ine ndimawaona pakhomo pano. Phewa lawo limagunda felemu ya chitseko. Kapu ikakhala chakumanja kwa mbale, amafunsa kuti madzi ali kuti.

"Bambo, nanga za maso?"

"Maso atani?"

"Simukuona m'mbali."

"Iwe, ukalemba zimenezo layisensi yapita. Ukudziwa? Tidzadya pepala lakolo?"

Nthawi yonseyi mwana wathu wa zaka zitatu anali ataima kumanzere kwawo, pafupi penipeni, atakweza nsapato yake kuti amumangire chingwe. Sanalankhule, amadziwa kuti akuluakulu akamayankhula sajejemetsa. Ndinamusiya dala. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi awiri, kamkono kake kadakali m'mwamba.

"Mwana ali kuti?" ndinafunsa.

"Si ali panja akusewera?"

"Adadi, ndili pano!"

Anadzidzimuka, mpando unachita kukhuluka. Anatembenuza mutu wonse ndi kumuyang'ana nthawi yaitali. Msinkhu wake ndi womwewo wa ana omwe amatsika basi n'kuthamangira kutsogolo kwa matayala, zikwama zikulendewera. Sindinanene zimenezo. Amawadziwa anawo mayina, wina aliyense ndi geti la kwawo.

Anagwada kuti amange chingwe chija. Zala zawo zinakanika katatu, mwana n'kuti, "Adadi simutha," ndipo anabwera kwa ine.

"Zayamba liti?" ndinafunsa.

"Isanayambe teremu yathayi." Anapukuta thukuta ndi chikhatho. "Mwezi watha ndinagunda njinga yoimika pageti. Sindinaione n'komwe. Ndinauza a hedi kuti mwini wake anaiika polakwika."

Anakoka pepala lija, nagwira cholembera ngati agwira sipanala. Analemba okha, zilembo zikuluzikulu zopendama: SINDIKUONA M'MBALI. Pansi pake anawonjeza funso: Akachotsa chotupa, maso amabwerera?

Lolemba m'mawa anavala yunifolomu monga mwa masiku onse, n'kukhala pampando wa pakhonde, makiyi ali m'manja. Foni inalira kanayi. Kachisanu anayankha.

"A hedi, pepani. Mupeze wina akatenge ana. Makiyi abweretsa mayi a kunyumba." Anamvetsera pang'ono. "Ayi bwana, si lero lokha."