Mano a Lamulungu

A Hoyt Ramey anabadwira m'mapiri a kumpoto kwa Georgia, ndipo mtsinje wa kwawoko ankaudziwa ngati khonde la nyumba yawo. Mano akutsogolo anaguluka ali mnyamata, thabwa litawamenya kumakina ochekera mitengo. Oikirira analipo, koma ankawapweteka nkhama. Ankawavala Lamulungu lokha, nakonso chifukwa choopa akazi awo, a Velma. Akangotuluka m'tchalitchi, mano m'thumba.

Kenaka kunatuluka filimu ina yoonetsa anthu akumapiri ngati zilombo zosaka alendo apabwato. M'malo moopseza anthu, filimuyo inachita kuwaitana. A m'tauni ankabwera ndi mabwato onyezimira kudzayesa chamuna chawo, koma akaona a Hoyt ankathamangira kukhoma zitseko za galimoto. A Hoyt ankangoseka, koma mumtima zinkawawawa kwambiri.

Lamulungu lina mu 1974, akuchokera kutchalitchi ndi a Velma, anapeza amuna awiri a ku Atlanta, wina wamtali wina wamfupi, akutsitsira bwato pamlatho.

"Achimwene, madzi apitirira mzere wofiira uwo," anatero a Hoyt akuloza chipilala cha mlatho. "Lero mtsinje sukufuna alendo."

"Tamva, madala," anayankha wamtaliyo, osawayang'ana n'komwe. Awiriwo anapalasa ngati akuthawa moto.

"Mwaimiranji? Katengeni chingwe, bambo," anatero a Velma. "Ana a eni akewa afera za ziii."

A Hoyt anatenga chingwe ndi chikwanje chodulira tchire, n'kutsika ndi gombe. Pamathithi anapeza bwato litagadabuka. Wamfupi anali atatulukira kutsidya, akungolira. Wamtali uja anali atakumbatira mwala pakati pa mtsinje, madzi ali m'chifuwa ndipo akukwerabe.

Anaponya chingwe, chinagwera paphewa pake penipeni. Munthuyo anayang'ana ndevu zija, chikwanje chija, m'kamwa mopanda mano muja, osachigwira.

"Gwira chingwe, iwe!"

"Musandiyandikire!"

Anaponya kachiwiri, kachitatu, ayi ndithu. Manja a munthuyo anayamba kuterereka. A Hoyt anapsa mtima. Munthu wamkulu ndithu, wopita kusukulu, kusankha kumira chifukwa cha zithunzi za m'filimu!

Anataya chikwanje pansi n'kupisa m'thumba. Anatulutsa mano aja, anawauzira kuti fodya wa m'thumbamo achoke, n'kuwakankhira m'kamwa. Kenaka anamwetulira mano onse pamtunda.

"Nanga pano, bwana? Ndakhala munthu?"

Munthu uja anayang'anitsitsa. Chiseko chinamutuluka chosakanikira ndi kulira, manyazi atamugwira, ndipo anakulunga chingwe padzanja. A Hoyt anamukoka mpaka kumtunda n'kumufunditsa jekete lawo la kutchalitchi.

Dzina lake anali Carlton Whitfield. Kuyambira pamenepo ankabwera chaka chilichonse, kenaka n'kumabwera ndi ana ake, ndipo bwato silinkakhudza madzi a Hoyt asanaone mzere wofiira. Mkuluyo ankawachingamira pamlatho pompaja, akuseka chikhakhali, mano ali m'thumba.