Lachinayi Limene a Ludwik Analitaya

Anthu a ku kalabu yathu ya sitima zoseweretsa amati a Ludwik Sarna anagwetsa sitima yawo chifukwa cha vodika. Amanena zimenezi akutafuna soseji, ngati kuti bodza likabwerezedwa limasanduka umboni. Ine ndikuti onsewo akulakwa, ndipo wofuna mtsutso abwere.

A Ludwik anagwira ntchito zaka 38 pa siteshoni yeniyeni, kutsegulira ndi kutsekera masitima njira, osagundanitsa ngakhale bogi imodzi. Akazi awo atamwalira, zimene zinawatsalira zinali ziwiri: kiyi wa chipinda chapansi pa holo ya tauni, mmene muli tinjanji tathu, ndi mutu wa sitima wakuda wotalika ngati dzanja. Mwana wawo Jagoda, wa ku Krakow, anali atawachenjeza kale: "Bambo, tsiku limene mudzayambe kuiwala, ndidzakuperekani kunyumba ya okalamba."

Mutu uliwonse wa sitima zimenezi uli ndi kachipangizo m'mimba, ndipo uli ndi nambala yakeyake. Ukaitana nambalayo pa rimoti, umayankha wokhawo. Yonse imachoka kusitolo ili pa 3, mwini wake n'kusintha. Wa a Ludwik unali pa 38.

Loweruka lina masana a Cezary Olcha, wapampando wathu, anabwera ndi mutu watsopano. Anauika pa kanjanji kapambali kamene magetsi ake anali ozima, n'kuitana 3. Sunasunthe. Anapotokola batani la liwiro mpaka kumapeto. Kumbali ina ya chipindacho mutu wa a Ludwik unanyamuka ndi liwiro, n'kudutsa pa mlatho wosamalizidwa, n'kukaphwanyika pa simenti. Eni ake anali ataima pomwepo, rimoti yawo ili m'manja.

"Madala, mwatani?" anakuwa a Cezary.

"Sindinakhudze kanthu!"

"Ndiye yayenda ndi mizimu? Lero botolo mwaliyamba mmawa, eti?"

"Iwe Cezary, ine ndinkaimitsa masitima enieni iwe ukuyipitsa matewera."

Anthu anaseka, koma a Cezary sanaseke. "Muli ndi sabata imodzi, akulu. Mutiuze chachitika, apo ayi mubweze kiyi."

Lolemba a Ludwik anatsika okha m'chipindamo, atavala chikhothi chifukwa cha kuzizira. Anayamba monga anaphunzitsidwira kale, kuchokera pa chophweka. Anapukuta njanji ndi sipiriti. Anachotsa litsiro pa mateyala. Anayesa magetsi pa mfundo iliyonse ya waya. Anavundukula mutu wosweka uja n'kupeza kachipangizo kali bwinobwino, kosapsa. Nyali yake inkayaka, koma akaitana 38 unkangokhala chete.

Lachitatu, zonse zitakanika, anaitana 3. Mateyala anazungulira.

Anakhala pansi akuseka okha. Nkhani yonse inaoneka poyera: mitu iwiri pa nambala imodzi, ndipo dzanja limene linapotokola batani linali la a Cezary. Anayamba kukonza mawu oti akawalalatire nawo a Cezary. Koma munthu wa pa siteshoni sasiya funso panjira. Anafunsa mumtima kuti anabwezera mutuwo pa 3 ndani.

Anatsegula kope lawo, pakuti chiyambire unyamata ankalemba chilichonse chimene achita pa njanji. Pa tsamba la Lachinayi lapitalo, masiku awiri ngozi isanachitike, panali mawu awa: "Nyali ikuphethira. Ndafufuta zonse, wabwerera pa 3. Mawa ndibwezere 38."

Zilembozo zinali zawo. Koma Lachinayilo sanalikumbuke. Sanakumbuke kutsika masitepe, kapena kugwira cholembera, kapena chimene anadya. Analifunafuna tsikulo m'mutu mpaka tiyi anazizira m'tambula, osalipeza.

Tsono ganizirani, inu okonda kuweruza. Akanaonetsa kopelo, a Cezary akanachita manyazi, ndipo pofika Lamulungu tauni yonse ikanadziwa kuti a Ludwik ataya tsiku lathunthu. Jagoda akanamva. Chidakwa amachiseka n'kuchisiya m'nyumba mwake. Woiwala amamulongedzera sutikesi.

Loweruka a Ludwik anaika kiyi patebulo.

"Ndinalawako pang'ono tsiku lija," anatero.

"Si ndinanena!" anatero a Cezary, akuwasisita paphewa. "Musadandaule madala, muzibwera kudzaonerera."

Sanabwerenso. Bodza limenelo linawagulira miyezi khumi ndi inayi m'nyumba mwawo, mpaka tsiku limene anawapeza pa siteshoni atavala masilipasi m'chipale chofewa, akudikira kuyamba ntchito. Panopa ali ku Krakow, ndipo sandizindikira.

Jagoda anandipatsa bokosi lawo, mmene munali kope lija, lofotokoza zonsezi tsiku ndi tsiku, ndi mutu wosweka. Mwezi watha ndinauika ndekha pa njanji yoonetsa nambala imene mutu uli nayo, a Cezary akuona. Unali pa 3.