Udzudzu wa m'Kanema wa Amalume

Dzulo amalume anandipatsa foni kuti ndiwasankhire kaliridwe, khutu langa lamanzere n'kukumbukira mlandu wake.

Ndili mwana kumalayini a esiteti ya tiyi, wailesi yakanema yawo inkatulutsa kamawu kopyapyala. Ndinati, "Amalume, muli udzudzu umo, ukufa ndi njala."

Iwo sankamva kanthu. "Ukufuna kundilodzera katundu, iwe?" Anandipotokola khutu anzanga akuona.

Ku koleji, asanandithamangitse, ndinatolako chimodzi: mu ubongo wa nyani ndi wa munthu, mawu ali m'mizere ngati tiyi, a besi uku, opyapyala uko. Munthu akamakalamba, mzere wa opyapyalawo ndiwo umayamba kuuma.

Ndinawaikira kaliridwe kopyapyala zedi. Lero foni ikulira m'thumba mwawo, iwo akudandaula kuti abale onse anawataya.