Chipewa cha Mfundo Kunja

Mpaka lero ndikang'amba belo ya kaunjika, fungo lija likandiwomba m'mphuno, ndimapezeka ndili pakhonde la azakhali anga a Felesita, kufupi ndi malire a Mwanza, chiperoni chikuwaza. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sukulu inali itangokhala yaulere, koma ine mtima unali pa manachesi amene ndinkagulitsa kwa madalaivala a mathiraki. Zala zanga zinkangonunkhira makoko ake.

Juni ameneyo mayi anabereka mlongo wanga masiku asanakwane. Anamwino anati kamutu kake kazikhala kofunda nthawi zonse, chifukwa mwana wotere kuzizira kukamulowa sachedwa kupita. Zipewa za pamsika zonse zinkamumeza nkhope. Azakhali ndiwo ankadziwa kuluka, koma nyamakazi inali itawapinda zala. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ine ndili ndi maso, iwe uli ndi zala. Kagule juzi yakale tiphwasule."

Pamsika ndinanenerera mpaka wogulitsa anakweza manja, n'kundiponyera juzi yobiriwira kuti ndimuchoke. Ndinabwerera ndikuyenda ngati ndagula thiraki. Azakhali sanafunse n'komwe mtengo. Anaitembenuza, n'kuyendetsa chala pamsoko. Inali juzi yochita kudula ndi sizasi kufakitale, kenako n'kulumikiza ndi makina. Yotero ukaiphwasula, ulusi umaduka pamzere uliwonse. "Wogulitsa uja pano akuvina," anatero. Ndalama yanga ya manachesi inali itathera pomwepo.

Ndinkaganiza kuti andikalipira, koma anangondipatsa beseni. Tiulusi tinatuluka tatifupi ngati mkono wanga, topotanapotana. Anandiuza nditiviike m'madzi ofunda, nditiyanike pawaya nditamangirira timiyala kuti tiwongoke. Cholukira chinali sipoko ya njinga, imene wokonza njinga anatipindira nsonga kukhala kangowe, ine n'kuisalaza pamwala. Azakhali anakhala pampando atafunda zitenje ziwiri, manja awo akuyendayenda pamwendo ngati akuluka okha.

Tsiku loyamba ndinakoka ulusi mwamphamvu, chinthucho n'kuuma ngati chikopa. Anandimasulitsa chonse. Tsiku lachiwiri chinatuluka chotakasuka, choti mutu wa bambo n'kulowamo. Anandimasulitsanso. Sankakweza mawu. Ankangogogoda dzanja langa ndi chala chopindikacho pamene ndalumpha diso la cholukacho, ndipo sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Anzanga ankadutsa ndi madengu a manachesi akundikuwiza ndi dzina lachizimayi, "Anachisale, mutilukireko nafe!" Azakhali anawayankha osadzutsa mutu, "Mukapeza mitu mubwere, tidzakuyezani."

Ulusi uliwonse ukatha ndinkalumikiza wina ndi mfundo, ndipo mfundozo zinachuluka zedi. Apa m'pamene ndinaonetsa nzeru zanga za pamsika. Monga ndinkaikira manachesi okongola pamwamba pa mulu, mfundo zonse ndinazikankhira mkati. Tsiku lachisanu chipewa chinatha, kunja kwake kuli see, ngati cha m'sitolo.

Azakhali anachilandira, n'kulowetsa dzanja mkati. Kenako anachitembenuza, nachikhudzitsa patsaya pawo. "Chikhale chonchi. Mfundo kunja."

"Koma azakhali, anthu aseka."

"Avale ndi anthuwo? Paliwombo pa mwana sipafuna chokanda."

Kuchipatala amayi a m'wodi anasekadi. Wina anati mwana avala chinanazi. Ine ndinaima pakhomo makutu akutentha. Mayi sanaseke. Anapapasa mkati mwake, n'kumuveka, ndipo chinamukwana ndendende. Mwanayo anachivala mpaka kunja kunayamba kutentha, mutu utakula moti sichinkalowanso. Lero mlongo wangayo ali ndi ana ake atatu, ndipo pakamwa amandiposa.

Nthawi imeneyo ndinkati azakhali andiwonongera ntchito ya masiku asanu pamaso pa anthu. Pano ndakalambira pa benchi ya kaunjika, ndipo ndimadziwa kupinda malaya mwakuti chibowo osachiona mpaka utafika kunyumba. Koma mayi wina akabwera kudzafuna zovala za khanda, manja angawa samandifunsa. Amayamba atembenuza chovalacho, n'kuyendetsa chala pamsoko, kasitomala akuona. Phindu limathawira pomwepo, ine ndikuyang'ana.