Tsiku Limene Che Iyayi Anavomera

Pa Ntaja palibe amene anawaonapo Che Zubairu atagwira chiwongolero. Laisensi analibe, ngakhale njinga yamoto ankakwera atatsinzina. Komabe munthu akafuna kugula galimoto yoti inayendapo kale, kuyambira ku Nselema mpaka ku Balaka, ankayamba wawaimbira foni iwowa kuti akamuonere ngati mtengo ukugwirizana ndi katundu.

Ali mnyamata anali kondakitala wa minibasi ya pakati pa Liwonde ndi Ntaja, ndipo magalimoto amene anakankha anali ambiri kuposa amene anakwera. Kukankhako kunawaphunzitsa chinthu chimodzi, choti galimoto iliyonse ili ndi tsiku lake lofa. Tsiku lina mkulu wina wa golosale anawafunsa mocheza ngati kagalimoto kofiira kamene kankagulitsidwa pa siteji kanali kabwino. Che Zubairu anali ndi njala ndipo sankafuna nkhani zambiri, ndiye anangoti, "Iyayi." Mkuluyo sanagule. Anagula wina, ndipo kagalimotoko kanayaka moto pa zitunda za Machinga mwezi usanathe. Ukatswiri wawo unayambira pamenepo, pamodzi ndi dzina loti Che Iyayi.

Ntchito yawo inali yokoma kuonerera. Ankaizungulira galimoto manja ali kumbuyo, n'kumenya tayala ndi phazi, n'kununkhiza utsi, n'kunyambita kaoyilo pachala. Kenako ankayala chiguduli n'kulowa kunsi, kumene ankakhalitsa mpaka a miseche n'kumati agonako tulo. Potuluka ankasasa fumbi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kunena mawu awo aja. Zifukwa sizinkawathera. Galimoto ikakhala yowala ankati chikomekome cha mkuyu, aipenta pobisa ngozi. Ikakhala yakuda ankati mwini wake sankaisamala. Makilomita akachepa ndiye kuti abweza mita, akachuluka ndiye kuti yatha. Zija zochokera ku Japan zolankhula zokha ukaziliza, ankatchera khutu n'kunena kuti mayi wolankhulayo akudandaula.

Tinene zoona, nzeru yake inali yotchipa. Galimoto yosagulidwa siifera munthu panjira. Amene anawamvera anapitiriza kuyenda pansi uku akuthokoza kuti apulumuka. Amene sanamvere ankabwera okha, kaya patapita chaka kaya ziwiri, kudzavomereza kuti batire yafa. Kulosera kuti kunja kudzada sikufuna mizimu, koma Che Zubairu anadyera momwemo mpaka imvi.

Mnzawo wapamtima anali Che Usumani, mwini pikapu yakale kwambiri pa Ntaja ponse. Pikapuyo inanyamula mpunga wa ku Chilwa, nsomba za ku Chiuta, akwati, odwala ndi maliro, ndipo msewu wa ku Nayuchi inkaudziwa yokha. Chitseko chimodzi ankamanga ndi linya. Kuti ilire pankafunika amuna anayi ndi kamtsetse. Koma Lachisanu lililonse Che Usumani ankayamba asambitsa galimotoyo asanasambe iwo kupita kumzikiti, ndipo chimwalirireni akazi awo ankakonda kukhala m'menemo masana, zitseko atatseka.

Vuto linabwera ndi ng'ala. Maso a Che Usumani anayamba kuchita chifunga, ndipo tsiku la msika analowa ndi pikapu pa thandala la tomato, n'kutulukira pa la bonya. Palibe anavulala kupatula tomatoyo. Mwana wawo Zaina, mphunzitsi ku Balaka, anafika mawa lake nkhope ili gwa n'kugamula kuti galimoto igulitsidwe. Wogula anali atamupeza kale, mnyamata wina dzina lake Raymond, amene ankatolera magalimoto akale, n'kuwakonza, n'kumabwereketsa pa maukwati. Zinthu zimene ife timakhalitsamo nkhuku, iye ankazitcha chuma.

Che Usumani anavomera, koma anaika mfundo ziwiri. Mtengo atchula okha, ndipo anatchuladi wogulira nyumba ya malata ndi mpanda womwe. Chachiwiri, anati iwo ndi Msilamu, sangagulitse chinthu mobisa chilema, choncho Che Zubairu abwere adzaiweruze pamaso pa anthu.

Mwana wa sukulu akanazindikira chimene nkhalambayo inkafuna. Koma Che Zubairu anazolowera kuyang'ana matayala, osati nkhope za anthu. Atamva za mtengowo mtima wawo unasweka. Anaganiza kuti munthu sagulitsa chinthu chimene amachikonda chotere popanda chomuwawa, ndiye kuti mnzawoyo akufuna ndalama zokachiritsira maso ndipo akuchita manyazi kupempha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsono akanena mawu awo a masiku onse, mnzawo achita khungu. Akavomera, dzina limene analimanga moyo wawo wonse ligwera pa pikapu yomanga ndi linya.

Tsikulo pakhomo pa Che Usumani panadzaza anthu ngati pali sadaka. Raymond anafika atavala kabudula ndi magalasi akuda, n'kumajambula dzimbiri ndi foni. Che Usumani anakokera mnzawo kuseri kwa nkhokwe n'kumugwira dzanja mwamphamvu.

"Achimwene, ndadalira inu," anatero, m'maso muli misozi. "Muchite zimene mumachita."

"Musadandaule, Che Usumani. Ndamva zonse," anayankha Che Zubairu.

Anazungulira, anamenya tayala, ananyambita oyilo, n'kulowa kunsi. Ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'anadi. Zimene anaona zinawaopsa. Mawaya anali lendelende, chitsulo china anachimanga ndi sipoko ya njinga, ndipo pansi pa mpando panali chibowo choti ankaona denga. Pa magalimoto onse amene anaweruzapo, iyi ndiyo inayeneradi kukanidwa koposa.

Anatuluka, n'kusasa fumbi. Anthu anali atakonza kale milomo kuti anenere limodzi.

"Gulani," anatero Che Zubairu.

Mayi wina anafunsa mnzake ngati wamva bwino.

"Koma mtengowu, madala, wakwera kwambiri," anatero Raymond.

"Wakwera? Mwana iwe, ichi ndi chitsulo chenicheni, osati zitini za masiku ano zoti mbuzi ikatsamira zapindika. Injini iyi idzakuika m'manda iweyo ndi ana ako. Akuchitira chifundo."

Che Usumani anatsokomola. "Komatu giya yachiwiri imadumpha," anatero.

"Imadumpha chifukwa cha mphamvu," anayankha Che Zubairu.

"Buleki mpaka upope kasanu. Ndipo mvula ikagwa, wokwera amafunika ambulera."

"Mwamva chilungamo cha mwini wake?" Che Zubairu anatembenukira anthu, atagwidwa ndi chisoni poona mnzawo akudziphera yekha malonda. "Munthu woona mtima chonchi angasunge galimoto yoipa? Wallahi, ine ndikanakhala ndi ndalama, bwenzi ili yanga."

Raymond anali atamva mbiri ya Che Iyayi ku Balaka konse. Ngati munthu amene anakana magalimoto onse a m'maboma awiri wavomera iyi, akanenanso chiyani? Anatambasula dzanja. Che Usumani anali atatchula mtengo pamaso pa anthu, ndipo mwamuna wamkulu sabweza mawu ake. Analandira dzanjalo ngati akulandira chipepeso. Anyamata anaima kumbuyo kuti akankhe, koma pikapu yopanda manyaziyo inalira yokha atangopotokola kiyi, chinthu chimene inali isanachitepo chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri.

Fumbi litatha ndipo anthu atabalalika, amuna awiriwo anatsala pakhonde. Che Zubairu anakhala mwaulemu, kudikira zikomo wawo.

"Tsopano maso aja mukachiritsa," anatero ataona kuti zikomoyo akuchedwa.

"Maso ati? Ng'ala amachotsa ulere kuchipatala, tsiku anandipatsa kale," anatero Che Usumani osawayang'ana. "Ine ndinatchula mtengo wamisala kuti mnyamatayo athawe. Poopa kuti mwina ndi wamisala mnzanga, ndinaitana munthu mmodzi yekha padziko pano amene sanavomerepo kanthu. Zaka zonsezi mwakhala mukukana magalimoto abwinobwino a anthu osawadziwa. Lero mwati muyambire pa ine."

Che Zubairu anatsegula pakamwa, koma zifukwa zimene sizinkawathera zija zinali zitatha. Anachita manyazi.

"Mpando wakumanzere uja ankakhalapo mayi ake a Zaina," anapitiriza Che Usumani, mawu ali pansipansi. "M'nyumba muno muli adzukulu, muli phokoso. Ndikalowa mmuja n'kutseka chitseko, ndimawauza zonse za tsikulo. Tandiuzani, inu odziwa mitengo ya zinthu, mawa ndikawauzira kuti?"