Khofi wa Kuphiri

Mayi a khomo loyandikana ndi lathu kuno ku Addis sadziwa kukhala pansi. Kumutu imvi mbuu, amuna awo anamwalira kalekale, koma Loweruka likangocha amabereka chikwama kukakwera mapiri ndi gulu lawo, n'kumakagona m'tinyumba taudzu. Lolemba amayanika nsapato zamatope pakhonde kuti tonse tione. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Etenesh, m'nyumbamu mukalamba msanga inu." Ndimawakonda, koma pena amandiwawa.

Mwezi watha ananyengerera amuna anga, a Wondimu, munthu wodandaula mawondo akangoona masitepe. Anapita nawo kuphiri la Guassa. Atabwerako, ndinamva mayiwo kuseri kwa khoma akusimbira mnzawo pafoni: "Kuzizira kwake, iwe! Koma a Wondimu anatipulumutsa. Anakazinga okha khofi, kusinja, kufukiza lubani, n'kutithirira mpaka kapu yachitatu."

Khofi? Ntchito ya amayi imeneyi? Chikwatirane, bambowa sanandigwirireko ngakhale mtondo. Nditawafunsa anangoti, "Kuphiri n'kwina, mayi," n'kukweza wailesi.

M'mawa ndinakagogoda kwa aneba. "Achemwali, amuna anga mwawadyetsa chiyani?"

Anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Mphepo ya kumtunda basi. Loweruka tiyeni, mukaone nokha."

"Ine? Kukagona paudzu ndi utitiri? Ndapenga?"

"Basi tsalani, tizikumwerani. Koma ndisakubisireni, Etenesh, khofi wawo amaposa wanu."

Loweruka likubwerali ndikupita nawo. Phirilo ndilibe nalo ntchito.